Kodi mbiri yakale ya Africa timaidziwa bwanji?

Mkangano wa mbiri yakale sukusowa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Wina alemba kuti Achewa adachokera ku Uluwa, mnzake ayankha kuti zimenezo ndi nthano za agogo. Wina anena kuti atsamunda ndiwo adabweretsa chitukuko, wina akuti adangobwera kudzaba. Pakati pa phokosoli pamatuluka funso lomwe ambiri amalifunsa moona mtima: ngati makolo athu sankalemba, zonsezi tikuzidziwa bwanji?

Funsoli ndi lakale, ndipo kale linkafunsidwa monyoza. M'chaka cha 1963, pulofesa wa mbiri ku yunivesite ya Oxford, Hugh Trevor-Roper, adanena kuti ku Africa kulibe mbiri yoti n'kuphunzitsa kupatula ya Azungu amene adafikako, ndipo kuti zotsalazo ndi mdima. Pamene ankanena izi n'kuti akatswiri a m'mayunivesite a ku Ibadan, Legon, Makerere, Dakar ndi London ali kale pa ntchito yosonyeza kuti mbiriyo ilipo ndiponso njira zoipezera zilipo. Njira zimenezo ndi zomwe tifotokoze pano, pamodzi ndi zofooka zake, chifukwa palibe ngakhale imodzi yodalirika payokha.

Nthawi zitatu zija

Mabuku ambiri amagawa mbiri ya Africa patatu: atsamunda asanabwere, nthawi ya atsamunda, ndi atsamunda atachoka. Malire amene amatchulidwa kawirikawiri ndi msonkhano wa ku Berlin, womwe udayamba mu Novembala 1884 n'kutha mu Febuluwale 1885. Pa msonkhanowu maiko a ku Ulaya adagwirizana malamulo otengera madera a Africa, popanda Mwafirika ndi mmodzi yemwe pa tebulo.

Kagawidwe kameneka n'kothandiza pophunzitsa, koma zigawo zitatuzi sizofanana kutalika. Britain idalengeza ulamuliro wake pa dziko lomwe lero ndi Malawi mu 1891 n'kuchoka pa 6 Julayi 1964. Zimenezo ndi zaka 73, moti adalipo anthu amene adabadwa Azungu asanayambe kulamulira n'kudzaona mbendera yatsopano ikukwezedwa. Chigawo choyamba chija, chomwe timangochitcha "asanabwere atsamunda", chili ndi zaka zikwizikwi mkati mwake: Egypt wakale, Aksum, ufumu wa Mali, Kongo, Great Zimbabwe, Maravi. Komanso malirewo sagwera pa chaka chimodzi kulikonse. Apwitikizi adali kale ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo Mozambique idapeza ufulu mu 1975. Ethiopia idagonjetsa Italy pa nkhondo ya Adwa mu 1896, ndipo Italy idadzalamulirako zaka zisanu zokha, kuyambira 1936 mpaka 1941.

N'chifukwa chake katswiri wa ku Nigeria, J. F. Ade Ajayi, ankati utsamunda udali kachigawo chabe mu ulendo wautali wa Africa. Ena, monga Walter Rodney wa ku Guyana yemwe ankaphunzitsa ku Dar es Salaam, ankaona kuti ngakhale zaka zidali zochepa, bala lidalowa kwambiri: malire a maiko, mbewu zogulitsa kunja, chilankhulo cha kusukulu ndi kukhoti, zonsezi zidakhazikika nthawi imeneyo. Mbali zonse ziwirizi zili ndi umboni, ndipo mkanganowu sudathe.

Mbiri yapakamwa

Mbiri yapakamwa ndi uthenga wonena zakale womwe wadutsa m'kamwa mwa mibadwo ingapo. Ndi yosiyana ndi zomwe agogo akusimba kuti adaziona ndi maso, monga njala ya 1949. Imeneyo ndi mboni yoona yokha. Mbiri yapakamwa ndi monga mndandanda wa mafumu, nkhani za kusamuka kwa mtundu, mayina a ziwongo, nyimbo za pamiyambo ndi mawu onenedwa pa kachisi pothira nsembe.

Munthu amene adaika ndondomeko yogwiritsira ntchito mbiri yotereyi ngati umboni ndi Jan Vansina wa ku Belgium, yemwe adakhala pakati pa Akuba a ku Congo m'zaka za m'ma 1950 n'kutulutsa buku lake la njirazi mu 1961. Mfundo yake idali yakuti nkhani yapakamwa iyenera kufunsidwa mafunso omwewo amene timafunsa chikalata: wanena ndani, adamva kwa yani, akuuza ndani, ndipo apindula chiyani nkhaniyo ikakhulupiriridwa.

Aliyense amene adakhalapo pa bwalo la mfumu pa mlandu wa malire a munda amaidziwa njira imeneyi. Mbali iliyonse imabwera ndi mbiri yake ya momwe agogo awo adalandirira malowo. Mfumu yanzeru siitaya nkhani zonse n'kuti ndi bodza, komanso siimeza ya amene wayamba kulankhula. Imamva onse, imafunsa nkhalamba zopanda mbali, kenako imapita kukaona pomwe pali chitsa chakale, manda ndi mizere ya kalekale. Wofufuza mbiri amachita chimodzimodzi ndi nkhani zapakamwa, zofukula pansi ndi zolembedwa.

Titenge mbiri ya Amaravi. Nkhani zapakamwa zimati a Phiri adachokera ku Uluwa, m'dera la Katanga ku Congo, motsogozedwa ndi Kalonga, ndipo adapeza a Banda atakhazikika kale ndi akachisi awo a mvula, monga wa Makewana ku Msinja. Zimatchula Nyangu, mayi wa ufumu. Zimafotokoza kupatukana kwa Undi, yemwe adalowera kumadzulo, ndi Lundu, yemwe adalamulira ku chigwa cha Shire. Nkhanizi zimauza zambiri za momwe ulamuliro udagawidwira pakati pa eni nthaka ndi eni ufumu. Chomwe sizipereka ndi chaka.

Vuto la zaka limakula chifukwa cha mwambo wolowa dzina. Kalonga, Undi ndi Lundu ndi mayina a mpando, ndipo wolowa ufumu amatenga dzinalo pamodzi ndi ubale wake wonse. Choncho nkhani ikamati "Kalonga adachita chakuti", mwina ikunena za anthu asanu osiyana amene adakhala zaka 150 motalikirana, koma onse aphatikizidwa kukhala munthu mmodzi. Mafumu amene adalamulira kanthawi kochepa kapena adachotsedwa mochititsa manyazi amaiwalika m'mndandanda. Pomwe pali phindu, mndandanda umathanso kutalika. Boma la Nyasaland litayamba kusankha mafumu akuluakulu ndi lamulo la 1912, kenako kuwapatsa mphamvu zambiri ndi makhoti mu 1933, mbiri ya banja idasanduka chida chopezera mpando, ndipo zomwe bwana DC ankalemba m'buku lake nthawi zambiri zidali zomwe wofuna mpandoyo adamuuza.

Palinso vuto lina losayembekezereka. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, adasonkhanitsa nkhani za akuluakulu n'kulemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. Idali ntchito yamtengo wapatali, ndipo bukulo lidawerengedwa kwambiri m'masukulu. Koma buku likafala chonchi, nkhani zake zimabwerera kumudzi. Wofufuza wobwera pambuyo pake amatha kumva nkhalamba zitatu zikunena zofanana n'kuganiza kuti wapeza mboni zitatu, pomwe onsewo akubwereza tsamba limodzi. Kings Phiri, yemwe adafufuza mbiri yapakamwa ya Achewa a m'chigawo chapakati m'zaka za m'ma 1970 n'kudzakhala mphunzitsi ku Chancellor College, ndi mmodzi mwa amene adagwira ntchito yosefa nkhani zoterezi mudzi ndi mudzi.

Zofukula pansi

Ofukula zakale amawerenga zomwe anthu adasiya: mapale, mikanda, mafupa a nyama, makala, zotsalira za ng'anjo zosungunulira chitsulo. Dothi limaunjikana, kotero kuti zapansi kwambiri zimakhala zakale kuposa zapamwamba ngati malowo sadasokonezedwe. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 pali njira yoyezera zaka pogwiritsa ntchito kaboni 14, yomwe imapezeka m'chamoyo chilichonse ndipo imachepa ndi theka pa zaka pafupifupi 5,730 chamoyocho chikafa. Njirayi siitchula chaka chenicheni. Imangoti khala ili lidapsa pakati pa zaka zakuti ndi zakuti.

Palibe malo amene amasonyeza bwino mphamvu ya umboni umenewu, komanso momwe ndale zimaulimbanira, kuposa Great Zimbabwe pafupi ndi Masvingo. Mzindawu udamangidwa pakati pa zaka za m'ma 1100 ndi 1450, ndi miyala yosanjidwa popanda chomatira. Khoma lake lalikulu limafika mamita 11 kutalika ndipo kuzungulira kwake ndi mamita pafupifupi 250. Mjeremani Karl Mauch atafikapo mu 1871 adaganiza kuti wapeza nyumba yokhudzana ndi mfumukazi ya ku Seba ya m'Baibulo. Theodore Bent, yemwe adafukula mu 1891 mothandizidwa ndi kampani ya Cecil Rhodes, adati omanga adali Afoinike kapena Aluya. Richard Hall, yemwe adapatsidwa udindo woyang'anira malowa mu 1902, adakumba n'kutaya dothi lambiri lomwe lidali ndi zotsalira za anthu akuda, pofunafuna "omanga enieni" pansi pake. Umboni umene udatayika apo sudzabwereranso.

Mu 1905 David Randall-MacIver adafukula mwadongosolo n'kupeza kuti zonse zapansi pa makoma ndi za Aafirika. Gertrude Caton-Thompson adatsimikiza zomwezo mu 1929. Padapezeka mbale za ku China ndi ku Persia, mikanda yagalasi ndi ndalama yachitsulo ya ku Kilwa, mzinda wakale wamalonda wa kugombe la Tanzania, zosonyeza kuti makolo a Ashona ankagulitsa golide ndi minyanga kudzera kugombe la nyanja ya Indian. Komabe boma la Rhodesia la Ian Smith silidafune kuti mabuku a alendo anene zimenezi mosabisa, ndipo Peter Garlake, woyang'anira zipilala zakale yemwe adakana kusintha mawu, adachoka m'dzikolo mu 1970. Patatha zaka khumi dziko lidatenga dzina la mzindawo.

Kuno kwathu ntchito yofanana nayo idachitika ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, malo omwe nkhani zapakamwa zimati lidali likulu la Kalonga. Yusuf Juwayeyi adafukula pamenepo n'kupeza mapale ochuluka, zibangili za minyanga, zinthu za mkuwa, mikanda yochokera kunja ndi zidutswa za mbale za ku China, ndipo zoyeza zidasonyeza kuti pofika m'zaka za m'ma 1400 malowo ankakhalidwa kale. Apa pakamwa ndi pansi padagwirizana: akuluakulu adaloza malo, fosholo idapeza mudzi waukulu wamalonda. Koma phale silinena dzina la mwini wake kapena chilankhulo chake. Ngakhale zojambula za pamiyala ku Chongoni, zomwe UNESCO idaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zimafuna kumasulira: zofiira zimanenedwa kuti ndi za Akafula, zoyera ndi za Achewa zokhudza nyau ndi chinamwali, ndipo tanthauzo la zoyerazo timalidziwa makamaka chifukwa miyamboyo ikadalipo.

Akatswiri a zilankhulo nawo amathandiza. Poyerekeza mawu a Chichewa, Chishona, Chiswahili, Chizulu ndi zina mazanamazana, adapeza kuti zilankhulo za Bantu zidachokera ku tsinde limodzi cha kumalire a Nigeria ndi Cameroon zaka zikwi zingapo zapitazo.

Zolembedwa

Si zoona kuti Africa yonse sinkalemba. Ethiopia ili ndi mabuku a m'chilankhulo cha Ge'ez a zaka zoposa chikwi. Ku Timbuktu mabanja adasunga mipukutu ya Chiarabu yochuluka zedi. Ibn Battuta wa ku Morocco adafika ku Kilwa mu 1331 n'kulemba zomwe adaona. Mfumu Afonso ya ku Kongo idalembera mfumu ya Portugal makalata mu 1526 kudandaula za kubedwa kwa anthu ake ndi ogula akapolo.

Za dera lathu, zolembedwa zoyamba ndi za Apwitikizi. Gaspar Bocarro adayenda kuchokera ku Tete kukafika ku Kilwa mu 1616 ndipo adachezera mfumu yamphamvu yotchedwa Muzura. Wansembe Manuel Barreto adafotokoza mu 1667 za ufumu wa Maravi wofika mpaka kufupi ndi gombe la Mozambique. Zikalatazi zimapereka chomwe pakamwa sipapereka, ndicho chaka. Koma olembawo ankamva kudzera mwa omasulira, ankalemba mayina momwe khutu lawo lamvera, ndipo mtima wawo udali pa golide, siliva ndi minyanga.

Nthawi ya atsamunda mapepala adachuluka: malipoti a ma DC, kaundula wa msonkho, milandu ya kukhoti, makalata a amishoni. Kuchuluka kumeneku kumanyenga, chifukwa pafupifupi zonse zidalembedwa ndi olamulira pofuna kulamulira. Mayi wolima m'munda wa mzungu pa thangata amaonekamo ngati nambala, kapena ngati wolakwa pa mlandu. Kuwukira kwa John Chilembwe pa 23 Januwale 1915 ndi chitsanzo. Zambiri zomwe timadziwa zimachokera ku bungwe lofufuza lomwe boma lidakhazikitsa komanso ku mawu a akaidi amene ankayembekeza chingwe. Mawu a mwini wake atsala ochepa, monga kalata yomwe adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914 yotsutsa kutengera Aafirika ku nkhondo ya Azungu. Wofufuza amayenera kuwerenga mapepala a boma akufunsa kuti wolankhulayo ankaopa chiyani ndipo wolembayo ankafuna kumva chiyani.

Mapepala enanso kulibe. Moto udatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 n'kuwononga zikalata zambiri za zaka zoyambirira. Zina zidachotsedwa dala. Mu 2011, pa mlandu womwe nkhalamba za ku Kenya zidasumira Britain chifukwa cha nkhanza za nthawi ya kuwukira kwa Mau Mau, boma la Britain lidavomera kuti likusunga mwachinsinsi mafayilo zikwizikwi ochokera m'maiko 37 omwe linkawalamulira, pamalo otchedwa Hanslope Park. Zidadziwikanso kuti mafayilo ena adatenthedwa maiko asanalandire ufulu. Mu 2013 Britain idavomera kulipira mapaundi 19.9 miliyoni pa mlandu wa Akenya 5,228. Mafayilo otsalawo adapita ku National Archives ku Kew, ku London, ndipo pakati pake pali a Nyasaland. Izi zikutanthauza kuti wophunzira wa ku Zomba wofuna kuwerenga zonse za chipwirikiti cha pa 3 Malichi 1959 angafunike ndalama ya ndege ndi viza, chinthu chomwe chimapweteka mtima ukachiganizira.

Atsamunda atachoka

Ufulu udabwera ndi njala ya mbiri yatsopano. Kenneth Dike wa ku Ibadan adasonyeza kale mu 1956 kuti mafumu ndi amalonda a ku Niger Delta ankapanga zisankho zawo pochita ndi Azungu, sadali anthu ongochitiridwa. Ku Dar es Salaam, Terence Ranger ndi anzake adalimbikira za kukana kwa Aafirika, monga nkhondo ya Maji Maji ya 1905 mpaka 1907. Mu 1964 UNESCO idayamba ntchito yolemba mbiri ya Africa yonse, yomwe poyamba idatuluka m'mabuku asanu ndi atatu, ndipo ambiri mwa otsogolera adali Aafirika monga Joseph Ki-Zerbo wa ku Burkina Faso ndi Adu Boahen wa ku Ghana.

Mbadwo umenewu udabwezera anthu ulemu, koma otsatira adaona mipata. Chidwi chidali pa maufumu akuluakulu ndi ngwazi, pomwe amayi, akapolo ndi mitundu yopanda mfumu yaikulu idatsalira. Nkhani zowawa, monga mbali yomwe mafumu ena a ku Africa adatenga pa malonda a akapolo, kapena Aafirika amene adagwira ntchito ngati asilikali ndi amesenjala a boma la atsamunda, sizinkakambidwa momasuka. Ndipo maboma atsopano nawo adafuna mbiri yowakomera. Ku Malawi, pambuyo pa kugawanika kwa nduna mu 1964, mayina a Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, omwe adamenyera nawo ufulu, sankatchulidwa poyera kupatula powanyoza, ndipo lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe loletsa mabuku. Ku Zimbabwe, kuphedwa kwa anthu ku Matabeleland m'zaka za m'ma 1980 ndi nkhani yomwe lipoti la bungwe lofufuza la boma silidatulutsidwe. Chodabwitsa n'chakuti zaka zapafupizi nthawi zina zimavuta kufufuza kuposa za atsamunda, chifukwa mafayilo sadasungidwe bwino kapena ngotsekedwa, ndipo okhudzidwa akadali moyo.

Mafunso omwe akadali poyera

Za Maravi, akatswiri sadagwirizane kuti ufumu waukulu udayamba liti. Ena, potsatira pakamwa ndi zofukula, amauika m'zaka za m'ma 1400. Malyn Newitt, powerenga zikalata za Apwitikizi, adati maufumu amphamvuwo adapangika mochedwerapo, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 kapena kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600. Muzura uja adali Kalonga, kapena munthu wina amene adadzipezera mphamvu payekha? Nanga "kuchokera ku Uluwa" kukutanthauza kusamuka kwa khamu lalikulu, kapena kagulu kochepa komwe kadabwera ndi kalamuliridwe katsopano n'kusakanikirana ndi omwe adawapeza? Kuyeza DNA ya mafupa akale kwayamba kupereka umboni wina, koma kumabweretsa funso lake: ndani ali ndi ufulu wololeza kuti mafupa a makolo ayezedwe?

Pali funso la mitundu. Ofufuza ena amati mayina monga Chewa, Nyanja, Mang'anja ndi Chipeta adalimba kukhala "mitundu" yosiyana chifukwa cha kalembera wa atsamunda ndi mabuku a amishoni. Ena amati kusiyanako kudalipo kale ndipo atsamunda adangokulemba. Yankho limakhudza momwe timaonera miyambo ngati Kulamba, komwe Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'boma la Katete.

Pali funso la umwini. Mafayilo a ku Kew abwezedwe, kapena zithunzi zake pa kompyuta n'zokwanira? Germany idasaina mgwirizano mu 2022 wobwezera Nigeria zosula za mkuwa za ufumu wakale wa Benin, pomwe British Museum ikusungabe zake. Zambia yakhala ikupempha chigaza cha munthu wakale chomwe chidapezeka ku Kabwe mu 1921 ndipo chili ku London. Zinthu zikabwerera, zipite kwa boma, kwa mfumu kapena kwa mbumba?

Palinso funso la chilankhulo ndi la malire a chinsinsi. Kafukufuku wambiri wa mbiri ya Achewa adalembedwa m'Chingerezi, m'mabuku odula omwe adzukulu a nkhalamba zofunsidwazo sangawapeze. Ndipo mbali ina ya mbiriyo ili kudambwe ndi ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi, komwe eni ake ali ndi malamulo a zoyenera kunenedwa kwa osalowa. Wofufuza alembe mpaka pati, ndipo amene angamuuze kuti apa lekeza ndi ndani?